Pomwe Nyimbo Imapunthwa

Kwathu kuno, m'katawuni kathu ka Apolishi, mkwatibwi amene sanapunthwe pa tsiku la ukwati wake amakhala ngati sanakwatiwe. Wansembe atha kudalitsa, a ku ofesi atha kudinda, koma anthu amadikira nyimbo imodzi yokha, ya "Pamasitepe", ndipo m'nyimbomo amadikira malo amodzi. Kolasi ikafika pakati, nyimbo imadumpha ngati munthu waphonya sitepe: timawu tingapo timamezeka, ng'oma n'kufika nthawi yake isanakwane. Pamenepo mkazi aliyense amene akuvina amadzigwetsa dala, mwamuna n'kumuwakha. Wolephera kuwakha mkazi wake amasekedwa mpaka pa ubatizo wa mwana woyamba. Inenso wanga ndinamuwakha bwinobwino, anthu n'kuomba m'manja, ngakhale zimenezo sizinamuletse kupita ku mzinda wa Gdańsk ndi dokotala wa mano patapita zaka zochepa.

Mbiri ya nyimboyi amaidziwa ndi ana a sukulu ya mkaka omwe. M'chaka cha 1965, Lucjan Drabik, mnyamata wokonza makina ku fakitale ya shuga, ankaimba gitala m'kabandi kosangalatsa anthu ku holo ya ozimitsa moto. Loweruka lina masana, mtsikana wosoka zovala dzina lake Sabina anabwera ku dansi atavala nsapato za gogoda zimene anali asanazizolowere, ndipo potsika masitepe a pabwalo la holoyo anapunthwa. Lucjan anamuwakha asanafike pansi. Akuti mtima wa mnyamatayo unaphonya kugunda, ndipo anapita kwawo n'kukapeka nyimbo, kuphonya kwa mtimako n'kukuika momwemo. Nyimbo inamveka pa wailesi ya dziko lonse, awiriwo anakwatirana, ndipo Lucjan sanapekenso ina imene munthu angaikumbuke. Ife sitinkadandaula nazo, poti matawuni ena alibe n'imodzi yomwe.

Sabina ameneyo ndi azakhali anga. Si a magazi ayi, koma ankasoka limodzi ndi mayi anga ndipo ndiwo anandinyamula pa ubatizo, choncho mpaka lero amanditchula Hirek ngati ndikadali wa kabudula, chonsecho imvi zili mbuu. Banja lawo ndinaliona chapafupi, ndipo ndinene mosapsatira kuti Lucjan anali mwamuna wovuta. Mowa, maulendo a bandi osatha, akazi omuombera m'manja amene ena ankapitiriza kuombako mpaka m'mahotela. Tsiku la dzina la mkazi wake, lokumbukira woyera mtima amene anatengako dzina, limene ngakhale woyendetsa basi amakumbukira kugula duwa, iye ankaliiwala chaka ndi chaka. Mayi anga ankawauza kuti amusiye. Azakhali ankangoyankha kuti mwamuna amene anakuika m'nyimbo ungamukhululukire zambiri. Ankati akazi ena amapatsidwa mafiriji ndi malaya aubweya, zinthu zokutha, koma iwo anapatsidwa malo pomwe dziko lonse limapunthwa nawo limodzi. Lucjan atamwalira, zimene anasiya m'nyumbamo zinali galamafoni, gitala yoduka nsambo, ndi kupunthwa kuja. Azakhali ankakhalira moyo chachitatucho.

Ine ndimaulutsa pulogalamu ya nyimbo zakale pa kawailesi ka m'tawuni muno, Lamlungu anthu akachoka ku tchalitchi. Ondimvera ambiri ndi amayi amasiye ndi oyendetsa mathirakitala. Ndiye a meya athu, bambo Sroka, ataganiza zoimika chiboliboli cha Lucjan m'munsi mwa masitepe aja, anandiitana ku ofesi. A Sroka ndi munthu amene sangaone khoma lopanda kanthu osafuna kukhomapo chikwangwani chokhala ndi dzina lawo kumunsi. Anandiuza kuti akufuna pulogalamu yapadera yoonetsa mmene nyimbo yathu inagonjetsera dziko lapansi, yoti iulutsidwe m'mawa wa tsiku lovundukula chibolibolicho. Anati ndifufuze mozama koma ndisazamitse. Mawu achiwiriwo ndinawaseka chamumtima, ndipo ndikanachita bwino kuwamvera.

Poyamba ntchito inali yokoma. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo nyimbo yathu inayendadi. Ndinalemba pa intaneti, kumene amakumana anthu osonkhanitsa zimbale zakale, amuna amene ambiri sanakwatire kapena anasiyidwa ngati ine, ndipo anayamba kunditumizira zomwe anali nazo. Ku Czechoslovakia anaiimba patangotha chaka, ataikamo mawu okamba za kondakitala woledzera, ndipo pomwe ife timapunthwa woimba wawo ankageya. A ku Hungary, amene sangaone nyimbo yosangalala osaimvera chisoni, anaichedwetsa n'kukhala ya mayi wodikira mwana wake msilikali, ndipo pamalo paja mayiyo ankasisima. Ajeremani a kum'mawa anaisandutsa ya anyamata okolola tirigu m'munda wa boma. Iwo kudumphako anakuyeza, n'kukulemba bwinobwino pa pepala la nyimbo, ndipo pulofesa wawo wina anafotokoza m'masamba ambiri kuti ndi kavinidwe kakalekale ka abusa a m'mapiri athu. Kwathu kuno kulibe phiri, kupatula mulu wa zinyalala za ku fakitale.

Pa zimbale zina analembapo dzina la Drabik, pa zina anangoti nyimbo ya makolo. Mkulu wina wa bandi ya ku Bulgaria, yosangalatsa alendo m'mahotela a kunyanja, analembapo dzina lake lomwe ngati wopeka. Ameneyu anandipsetsa mtima kwambiri. Ndinamukonzera ndime yathunthu yomutukwana mwaulemu pa wailesi, yokamba za anthu okolola pomwe sanalime. Koma chimene chinkandisangalatsa n'chakuti onsewo, akuba ndi oona mtima omwe, ankapunthwa pamalo amodzi. Umenewo unali umboni woti anatunga pa chitsime chathu.

Kenako mkulu wina wa ku Trieste, kwa Ataliyana, wogulitsa zimbale pamsika, ananditumizira nyimbo n'kufunsa ngati ndi imene ndinkaifunafuna. Chimbale chake chinatuluka mu 1963. Woimba anali mnyamata wa mawu a m'mphuno amene kwawo komwe anamuiwala kalekale, ndipo ankadandaula m'Chitaliyana kuti njinga yake yamoto yafera panjira pamene chibwenzi chikumudikira. Koma nyimbo inali yathu kuyambira kumutu mpaka kumchira, kapena ndinene kuti yathuyo inali yawo. Ndinayamba kuimvera nditaimirira, ndinamaliza nditakhala pansi. Kolasi itafika pakati thupi langa linakonzeka lokha kuwakha munthu, koma nyimbo inangodutsa myaa, kalipenga kakuimba timawu tochepa pamalo pomwe ife tili ndi dzenje.

Za a Sroka sindinaziganizire n'komwe, iwo akhoza kuimika chiboliboli cha munthu aliyense bola pakhale nsalu yoti avundukule. Ndinaganiza za azakhali, ndipo ndinachita mantha. Nkhani ikafika pa intaneti siibwereranso m'thumba, ndipo tsiku lina mdzukulu wa munthu wina akanawaonetsa pa foni akudikira basi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndinagula keke ya tchizi imene amaikonda n'kupita kwawo.

Ndinawapeza akupinda diresi la buluu loti adzavale pa mwambowo, mapini ali kukamwa. Anathira tiyi wa mandimu m'matambula, ine n'kuyamba kukamba za mvula, za mawondo awo, za mtengo wa malasha.

"Hirek," anatero atalavula mapini, "ukuzungulira ngati galu wofuna pogona. Wamwalira ndani?"

Ndinawauza. Kenako ndinaika foni patebulo n'kuwaimbira Mtaliyana uja, maso anga ali pa keke. Nditadzutsa mutu ndinapeza akuseka, kuseka kogwedeza mapewa mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya diresi.

"Ndiye nkhope yamaliroyi ndi ya zimenezi? Mwana iwe. Ukuganiza kuti sindinkadziwa?"

Anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana kumanga nsapato. M'masiku amenewo bandi isanaimbe pagulu inkayenera kukaonetsa nyimbo zake kwa mkulu wa chipani cholamula woona zachikhalidwe, amene nyimbo za mayiko a kumadzulo ankazikana ngati nyama yowola. Ndiye anyamata ankamvera nyimbo zakunjazo mobisa, n'kuziloweza ndi khutu, n'kuikamo mawu a Chipolishi, n'kunena kuti apeka okha. Mkuluyo ankadziwa, anyamata ankadziwa kuti akudziwa, ndipo Loweruka onse ankavina limodzi. Kunali kuba kwa tonse, ngati kuthyola maapozi a m'munda wa boma. Anati Lucjan akanakhala wopeka nyimbo weniweni sakanatha moyo wake wonse akuimba imodzi.

Atatero anandiuza kuti ndibwereze pa kolasi. Anamvetsera chala chili m'mwamba, ndipo kalipenga katadutsa anamenya patebulo ndi chikhatho.

"Wamva? Palibe. Mtaliyanayo ali ndi njinga yake, ali ndi lipenga lake, koma ine alibe. Nyimbo anatola, inde, ndani sanatole? Koma pamenepo Lucjan anaikapo yekha. Anachotsa za eni ake n'kuikapo ine."

Ndinatuluka m'nyumbamo thupi lapepuka. Nkhani inali itakoma kuposa kale: mnyamata wosauka wa ku fakitale atola nyimbo ya eni, yosalala, yopanda mchere, n'kuithyola mwendo dala chifukwa cha chikondi, ndipo mayiko onse atengera yothyokayo, yosalalayo n'kuiiwala. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndinayamba kale kumva mawu anga akunena zimenezi pa wailesi, amayi amasiye akufunafuna mipango.

Chinatsala n'kupeza mawu a munthu amene analipo. Pa anyamata a bandi ija, wamoyo anali mmodzi, a Gienek a ng'oma, amene amakhala ku nyumba ya okalamba ya masisitere kuseri kwa njanji. Khutu limodzi linagontha, koma pakamwa m'pamoyo, ndipo masisitere amawadandaula kuti amabera pa juga ya makhadi. Anayamba n'kufunsa ngati ndabweretsa kotsukira kukhosi. Ndinali nako m'thumba la jekete, ndipo tinadikira kuti sisitere atuluke.

Nditatchula nyimboyo anatukwana. Anati kudumpha kumeneko ndi kumene kunawaonongera mfundo za manja, poti palibe woimba ng'oma wamutu wabwino amene angadule nyimbo pamalo otero. Anati anavutika nako masabata, manja akukana, ndipo anamuchonderera Lucjan kuti atseke dzenjelo, koma Lucjan ankangoti sakudziwa choti atsekerepo. Ine ndinamva ngati kudzichepetsa kwa munthu waluso, ndipo ndinagwedeza mutu mwanzeru. Kenako ndinawafunsa za tsiku la masitepe.

"Ndinalipo, ndinali chapafupi ngati pali iwepo," anatero a Gienek. "Sindinaonepo munthu atatuwa ngati Lucjan tsiku limenelo. Anatsala pang'ono kulira pamaso pa anthu."

Ndinaonetsetsa kuti makina ajambula, chifukwa mawu oterewa pa wailesi ndi uchi. A Gienek anandiyang'ana kanthawi, kenako anatsegula kabati, n'kupisa dzanja pansi pa sokosi, n'kutulutsa kakhadi koimba.

Achinyamata sangatidziwe timakhadi timeneti. Zimbale zakunja m'sitolo munalibe, ndiye kunali amisiri ena m'zipinda zakuseri amene ankatenga nyimbo n'kuidinda pa kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, kokhala ndi chithunzi cha maluwa kapena nyanja, n'kumagulitsa pamsika mwakabisira. Unkakaika pa galamafoni ngati chimbale. Mawu ake anali opyapyala ndipo sikankachedwa kutha, koma mabandi onse a m'matawuni ang'onoang'ono anaphunzirira pamenepo. Aka kanali ndi chithunzi cha mphaka ali m'dengu.

A Gienek anati kanali kamodzi kokha m'chigawo chonse, Lucjan anachita kubwereka kwa mkulu wina wogwira ntchito pa sitima za panyanja, munthu wa zibakera zazikulu. Anati sanakabweze chifukwa mwini wake anakakana, ndipo anamuyendetsa Lucjan mozemba kwa mwezi wathunthu. Nditafunsa chifukwa chake, anamwetulira ndi mano awo otsalawo n'kunena kuti maso ndili nawo. Ndinakapendeketsa ku kuwala. Kanali kokalika, mzere umodzi wakuya wodutsa pa nkhope ya mphakayo.

Galamafoni yoti n'kuimba kakhadi kotere m'tawuni muno inatsala imodzi, ndipo ili pa kabati ya azakhali, yofunditsidwa nsalu yoluka. Ndikanatha kukwera basi kupita mumzinda kukafuna ina. Mtima unkandiuza ndithu kuti nditero. Koma ndinadziuza kuti kukalikako kutha kukhala pamalo ena alionse, kumayambiriro kapena kumapeto, ndiponso kuti azakhali adzasangalala kuona chinthu chimene mwamuna wawo anachigwirapo. Munthu wa pa wailesi akanunkhiza nkhani amapeza zifukwa zabwino zambiri.

Anasangalaladi. Anati mphakayo akumukumbuka. Anachotsa nsalu, n'kupukuta fumbi ndi mkono wa juzi, ndipo singano anaika okha, poti ine sandikhulupirira ndi zinthu za Lucjan. Panamveka kuthetheka ngati mafuta pamoto, kenako mnyamata wa m'mphuno uja anayamba kudandaula za njinga yake, mawu ali kutali ngati akuimbira m'chitini. Azakhali ankagwedeza mutu motsatira. Kolasi inayamba, n'kufika pakati. Singano inagunda pokalika paja n'kudumpha.

Timawu tomweto tinamezeka. Ng'oma inafika nthawi yake isanakwane, ndendende mmene a Gienek akhala akuimenyera moyo wawo wonse. Kalipenga kaja panalibe. Sikunali kufanana chabe, kunali kupunthwa kwathu komwe, kwa pa ukwati wanga, kwa kondakitala woledzera, kwa mayi wosisima, kwa abusa a m'mapiri a pulofesa uja.

Nyimbo inapitirira mpaka kutha, singano n'kumangozungulira. Azakhali anaibwezera pa kolasi, inadumphanso. Kenako anazimitsa galamafoni, n'kutenga kakhadiko kupita nako pa zenera, n'kuyendetsa chala pa mzere uja pang'onopang'ono.

"Galamafoni inali pa katebulo, m'munsi mwa masitepe," anatero, osati kwenikweni kwa ine. "Ankaitulutsa panja bandi isanayambe, kuti odutsa amve abwere. Inkaimba nyimbo yomweyi pamene ndinkatsika. Ndinagunda tebulolo ndi chiuno, mpaka panatupa."

Ndinati mwina kanakalika tsiku lina, timakhadi timeneti sitinkachedwa kuonongeka. Sanandimve.

"Anadumpha kuchokera uko, manja ali patsogolo, ine n'kugwera m'manjamo. Koma sanandiyang'ane, Hirek. Ankayang'ana kuseri kwa phewa langa, kutebulo, pomwe panali kakhadi ka eni. Nkhope ili mbuu." Anasiya kakhadiko pa zenera. "Zaka zonsezi ndinkati anali ndi manyazi."

Sindinadziwe koyang'ana. Ndinamva chisoni, ndinachita manyazi, ndiponso ndinapsa mtima ndi Lucjan, munthu amene anali ndi dzenje m'nyimbo n'kulephera kupeka ngakhale timawu tochepa toti atsekerepo, kenako n'kulola mtsikana kukhulupirira kuti dzenjelo ndi mphatso. Mwina nkhaniyo anaiyambitsa ndi anthu ena iye n'kungovomera, monga ankavomerera mowa wogulidwa ndi anzake. Pofuna kuwatonthoza ndinalankhula zanzeru za pa wailesi. Ndinati akaiona bwino nkhaniyi, ndiye kuti m'nyimbo yonseyo chinthu chokhacho chimene si cha Mtaliyana anachipanga ndi iwo. Ndinati wopeka weniweni ndi iwowo, ndipo mayiko onse aja akhala akutsanzira chiuno chawo.

Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikabwera ndi chule m'thumba.

"Sindinkafuna kupeka kanthu ine," anatero. "Ndinkafuna kupatsidwa."

Ndinawalonjeza kuti palibe amene adzadziwe, kuti kakhadiko ndikabweza pansi pa sokosi za a Gienek ndipo nkhani ithera pomwepo. Anati ndiulutse zimene a Sroka akufuna, poti anthu agula kale maluwa ndipo ana a sukulu aloweza kale ndakatulo. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndiwaikire nyimbo ya Mtaliyana ija m'foni mwawo, yosakalika ija. Ndinawaikira. Potuluka ndinaona kuti galamafoni sanaifunditsenso nsalu, ndipo ndili pa geti ndinamva kalipenga kaja kakulira m'khitchini, kenako kakuliranso.

Pulogalamu inayenda bwino kwambiri, ndipo zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Ndinaulutsa kondakitala wogeya, mayi wosisima ndi pulofesa wa mapiri. Za Mtaliyana ndinangoti kumeneko kunalinso nyimbo yofananako, koma yosalala, yopanda mtima wa kwathu. Ndime yotukwana wa ku Bulgaria uja ndinaichotsa, chikumbumtima ndili nachobe pang'ono. Mawu a a Gienek onena kuti Lucjan anatuwa n'kutsala pang'ono kulira ndinawaika kumapeto, nyimbo ikulira chapansipansi. Mafoni anayamba kulira pulogalamu isanathe. Mayi wina anati amuna a masiku ano sadziwa kukonda choncho.

Masana tawuni yonse inasonkhana pabwalo la holo. Ozimitsa moto anavala zipewa zonyezimira, wansembe anawaza madzi, ana ananena ndakatulo yawo. A Sroka analankhula nthawi yaitali za chikondi chimene chinadutsa malire a mayiko popanda pasipoti, kenako anakoka nsalu. Wosema anamupanga Lucjan wamkuwa ataima m'munsi mwa masitepe, gitala ili kumsana, manja onse atatambasulira kutsogolo, kuti akazi odzaona malo azidzigwetseramo n'kujambulitsa. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinangoona kuti wosemayo, mosadziwa, maso a chibolibolicho anawalozetsa pambali pang'ono.

Azakhali anakhala pa mpando wa kutsogolo m'diresi lawo la buluu, maluwa ali pamiyendo. Chiboliboli anachiyang'ana kamodzi, mmene munthu amayang'anira basi imene si yake. Bandi ya anyamata a ku sekondale itayamba "Pamasitepe", a Sroka anawerama pamaso pawo n'kupempha dansi, wojambula wa nyuzipepala ali chire. Azakhali anaika maluwa pampando n'kuimirira. Bwalo lonse linadzaza awiriawiri, okalamba ndi achinyamata, ngakhale a Gienek amene masisitere anawabweretsa pa njinga ya olumala ankamenya mawondo ndi zikhatho.

Kolasi inayamba. Ndinaona a Sroka akutambalalitsa miyendo, akukunga msana, kukonzekera kuwakha mkazi wa m'nyimbo pamaso pa tawuni yonse. Nyimbo inadumpha. Akazi onse pabwalopo anagwera m'manja mwa amuna awo, akuseka ndi kukuwa monga mwa mwambo. Azakhali anakhala chilili. Anaponda sitepe ina, ndi inanso, mosafulumira, milomo ikung'ung'udza timawu ta kalipenga timene pabwalo lonselo tinkatidziwa ife awiri tokha. A Sroka, amene anali ataika mphamvu zawo zonse podikira katundu amene sanabwere, anadzandira kutsogolo n'kukagwira dzanja la chiboliboli. Chithunzi chimene chinatuluka m'nyuzipepala n'chimenecho.

Kuyambira pamenepo mpaka nyimbo kutha, azakhali ankavina atatsalira pang'ono m'mbuyo mwa tawuni yonse, ndendende mlingo wa chidutswa chosowa chija. Anthu anawamvera chisoni. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti ukalamba ndi woipa, taonani munthu waiwala pomwe anapunthwa yekha.

Nyimbo itatha anathokoza a meya mwaulemu, n'kutenga chikwama chawo, maluwa n'kuwasiya pampando. Njira ya kwawo imayambira pa masitepe omwewo, ndipo anayenera kudutsa pakati pa khoma ndi manja amkuwa aja. Anadutsa chammbali kuti diresi lisakodwe. Ndinathamanga n'kuwapeza ali pa sitepe yoyamba, n'kuwapatsa mkono wanga kuti agwire.

"Siya, Hirek," anatero. "Ndikuona pomwe ndikuponda."

Anakwera okha, atagwira chitsulo cha m'mbali, ndipo sanacheuke. Kumbuyo kwanga atsikana anali atayamba kale kupanga mzere pa chiboliboli, aliyense akudikira nthawi yake yoti agwe.